Mphunzitsi Akhale ndi Dimba Pakhomo Pake

Mwezi wa Ogasiti ukamatha chisanu chimachepa, ndipo kutentha kumakulirakulira kufikira Okutobala. Nthawi imeneyi mabanja ambiri amadalira mfutso, pakuti nkhwani ndi bonongwe za m'munda zidatha kale. Maganizo anga ndi akuti inu amene mudzaphunzitse zaulimi muyenera kukhala ndi kadimba kanu kuseri kwa nyumba m'nyengo yomweyi.

Chaka china ndidakaonerera wophunzira wathu akuyeserera kuphunzitsa Sitandade 6. Pa bolodi adafotokoza bwino lomwe za kuwokera mbande. Atatuluka ndi ana panja, adayamba kuwokera tomato dzuwa lili paliwombo. Mtsikana wina, amene amayi ake amalima kudambo, adamuuza mwaulemu kuti ntchitoyi imachitika madzulo. Ana adaseka, ndipo phunziro lotsatira sadamumvetserenso.

Zinthu zotere buku limazitchula, koma zimakhazikika m'mutu mwa munthu amene mbande zake zidafotapo. Iye amadziwa kuti ndowe zaziwisi zimawotcha mizu, kuti bedi lisapitirire mita 1 m'lifupi kuti dzanja lifike pakati osapondapo, ndiponso kuti udzu wophimbira umasunga chinyezi. Amadziwanso kuti mpanda umayamba mbewu zisanamere, popeza mbuzi zimatayiriridwa anthu akakolola.

Ena mwa inu mudzati madzi ali kutali, kapena kuti mphunzitsi amasamutsidwa kawirikawiri. Madandaulo a madziwo ndi omveka, choncho yambani ndi bedi limodzi la mpiru. Za kusamuka sindikuvomereza: mpiru umayamba kuthyoledwa miyezi iwiri isanathe.