NDANI APHUNZITSA MWANA WANU KU YUNIVESITI?

Amai ndi atate a pa Soweto, City Market, Chisokone ndi misika yonse, tamvelani iyi.

Mumauka 04:00 kukaoda tomato na kapenta. Mumalowa cilimba, ena mpaka kaloba, kuti mwana akaphunzile pa UNZA kapena CBU. Mumtima mumati aphunzitsidwa ndi pulofesa. Zoona, pulofesa amaima kutsogolo, koma kalasi ya caka coyamba imakhala ndi ana mazana. Amene amakhala pansi ndi mwana wanu m'kagulu kang'ono, kuyankha mafunso ake na kuconga nchito yake, ni tyuta: mnyamata kapena mtsikana amene wangotsiliza digili, kapena akali kucita masitazi.

Matyuta ni anzelu, sitikana. Koma kudziwa masamu ni cina, kuphunzitsa masamu ni cina. Imwe, kodi mungasiyile tebulo yanu wothandizila watsopano osamuonetsa mitengo? Iyai. Mumaima pambali kuona mmene akambila na makasitoma, mumamuwongolela, madzulo muwelenga ndalama. Manje bwanji mwana amene mwamulipilila fizi asiyidwe kwa munthu amene palibe anamuphunzitsa kaphunzitsidwe, ndipo palibe amabwela kudzaona nchito yake?

Boma linyadila kuti linabweza meal allowance mu 2023. Cabwino, mwana adye. Koma akafeluka kosi cifukwa sanathandizidwe bwino, loni ya HELSB siifafanizika. Ni nkhongole, adzaibweza ndithu. Ndalama yobwelezela kosi icokela kuti? Pa tebulo yanu.

Higher Education Authority inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013 kuti iziyang'anila ubwino wa maphunzilo. Ise tikuti iyambile apa:

1. Tyuta aliyense aphunzitsidwe kaphunzitsidwe asanapatsidwe gulu.
2. Mphunzitsi wamkulu azilowa m'kalasi yake, amvele, pambuyo amuuze pamene wacita bwino ndi pamene ayenela kukonza.
3. Ana a sukulu azilemba maganizo ao pa tyuta kosalemba dzina, pakati pa temu, osati pamapeto cabe zinthu zitaonongeka kale. Ndipo mapepalawo awelengedwe, asangounjikidwa mu ofesi.
4. Matyuta azilipidwa pa nthawi yake. Wanjala sangaconge mapepala bwino.

Izi sizifuna nyumba yatsopano kapena ulendo wa kunja. Zifuna boma losamala.

Lelo mutumileni foni mwana wanu. Mufunseni: tyuta wako amakuthandiza? Anakufunsankoni maganizo anu? Yankho yake mutilembele pansi apa, ndipo gawilani anzanu pa msika.