Nyumba ya malata tamanga, nanga galu agona kuti?

Mwezi uno pa tsamba lino la maganizo ndikufuna ndilankhule za galu. Ndikudziwa kuti ena museka, muti mnyamata wa pa wailesiyu nkhani zamuthera. Sekani ndithu, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Nyengo ya chilimwe ikafika, kachewere atagulitsidwa, mukayenda m'midzi ya kuno ku Angonia ndi ku Tsangano mumaona ng'anjo za njerwa zikufuka utsi paliponse. Uyu akufolera malata, uyo akuzira simenti pakhonde, winayo akukumba chimbudzi chatsopano. Ndi chitukuko chokondweretsa. Khola la ng'ombe timamanga lolimba, la nkhumba nalonso, nkhunda nazo zili ndi kanyumba kake m'mwamba. Koma galu amene amalondera zonsezi usiku wonse alibe malo ake. Amagona paphulusa, amadya zimene watola, amapita kumene wafuna, ndipo palibe amadziwa kuti dzulo adakumana ndi chiyani kutchire. Maganizo anga ndi akuti nyumba imene ili ndi galu wopanda khola ndi wopanda katemera siinathe kumangidwa, ngakhale malata ake awale chotani.

Sindikunena zongomva. Mu 2022 kwathu tidamanga nyumba. Titamaliza zipupa padatsala njerwa zingapo, ndipo ine ndidati timangire galu wathu kakhola kuseri kwa khitchini. Galuyo dzina lake adali Adzatopa. Mukudziwa kale kuti kwathu kuno dzina la galu limakhala uthenga wopita kwa anansi, ndipo amayi ndiwo akudziwa amene ankawanena. Amalume atamva maganizo angawo adaseka mpaka kugwira m'mimba. Adati, "Mphwanga, galu n'kumumangira nyumba ngati mkamwini? Sukulu yako ndi imeneyi?" Aliyense adaseka, inenso ndidaseka nawo, ndipo njerwa zija zidapita ku bafa.

Chaka chomwecho alangizi a ziweto adabwera kudzabaya agalu katemera wa chiwewe pabwalo la sukulu. Katemerayo adali waulere. Ife tsiku limenelo tinkatuta mchenga kudambo. Mng'ono wanga adayesa kumugwira Adzatopa, koma galu amene sadamangidwepo chingwe chibadwire simungamuyambe ali wamkulu. Adapulumuka, nathawira m'munda, ndipo tidati tidzamubayitsa chaka chamawa.

Adzatopa ankakonda maulendo. Ngolo ikanyamuka m'mamawa kupita ku msika wa Lizulu ndi matumba a kachewere ndi kabichi, iye ankayenda pansi pa ngoloyo, lilime panja, ulendo wonse. Ife tinkanyadira, tinkati galu wokhulupirika. Tsiku lina kumsikako adamenyana ndi galu wachilendo kuseri kwa malo ophera mbuzi, nabwera khutu litang'ambika. Tidangoti agalu ndi mmene amakhalira. Patapita masabata asanu kapena asanu ndi limodzi adayamba kusintha. Adasiya kudya, ankabisala kunsi kwa nkhokwe, kukuwa kwake kudasanduka kosasa mawu. Mwana wa achemwali anga, wa zaka 6 nthawi imeneyo, adamumvera chisoni namutengera mkute. Galu amene adakula naye limodzi adamuluma padzanja.

Agogo adati timete ubweya wa galuyo, tiwotche, tipake pabalapo, monga ankachitira kale. Wina adati mchere, wina tsabola. Mwayi wake ndidali nditangoyamba kuthandiza pa pologalamu ya zaumoyo, ndipo namwino wina adali atafotokoza nkhani yomweyi pa wailesi. Ndidatenga sopo wochapira ndi ndowa ya madzi a pamjigo, n'kuyamba kutsuka balalo, achemwali akuthira madzi ndi kapu, mwana akulira, agogo akundikalipira kuti ndikumuzunza. Kenaka tidathamangira ku chipatala chaching'ono chapafupi. Kumeneko adatsukanso bala, nam'baya jakisoni wa kafumbata, koma katemera wa chiwewe adalibe. Adatilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu. Tidapitako maulendo atatu pa njinga yamoto, ndipo ndalama imene bambo adasungira mawindo idathera pa msewu. Nyumba yathu yatsopano idakhala chaka chathunthu mawindo ali otseka ndi njerwa. Mwanayo ali moyo, ali pa sukulu. Adzatopa adasowa usiku womwewo, ndipo tidamva kuti anyamata a mudzi wina adamupha atalumanso mbuzi. Ngati adaluma munthu panjira, sitidamve.

Tsopano tiyeni timvetsetse za matendawa. Chiwewe, chimene pa Chipwitikizi amati raiva, chimayamba ndi kachirombo kokhala m'malovu a nyama yodwala. Kamalowa m'thupi nyamayo ikaluma, ikakanda, kapena ikanyambita pachilonda. Kakalowa sikayenda ndi magazi ayi, kamakwera pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. N'chifukwa chake munthu amatha kukhala bwinobwino miyezi iwiri kapena itatu, bala litapola kale, aliyense ataiwala. Nthawi zina zizindikiro zimabwera pakangotha sabata, nthawi zina pafupifupi chaka. Bala likakhala kumaso, m'khosi kapena kuzala, ngozi imakula ndipo nthawi imachepa. Zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi, kuopa mphepo, kutuluka dovu ndi kubwebweta, palibenso dokotala kapena sing'anga amene angabweze munthuyo. Pafupifupi aliyense wofika pamenepa amamwalira.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 10 alionse, anayi amakhala ana osakwana zaka 15, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Ana ndiwo amasewera ndi agalu, ndiwo afupi msinkhu moti galu amawapeza kumaso, ndiponso ndiwo amabisa bala poopa kukwapulidwa. Ndikupemphani makolo, mwana akabwera n'kunena kuti galu wandiluma, musayambe ndi ndodo. Mukam'menya lero, mawa sadzanenanso.

Kumudzi imfa yotere sitiitchula dzina lake. Timati wamulodza, timati malungo adakwera kumutu. Ngakhale achipatala amatha kusokonezeka. Kafukufuku wina wa ku Blantyre amene adatuluka mu 2007 adapeza kuti ana ena amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, kwenikweni adafa ndi chiwewe. Ndi agogo angati amene adanamiziridwa ufiti pamaliro pamene wolakwa adali galu wa pakhomo pomwepo?

Chinanso chimene ambiri sitidziwa n'chakuti galu wachiwewe sakhala wolusa nthawi zonse. Wina amangofooka, chibwano chili pansi, malovu akuchucha, ngati fupa lamuima pakhosi. Mwini wake pomva chisoni amapisa dzanja m'kamwa kuti achotse fupalo. Musatero. Ng'ombe ya pangolo nayo ikalumidwa imadwala, ndipo ikafa mwa njira yotere si ya ndiwo, musaisende.

Wina akalumidwa, ntchito yoyamba ndi madzi ndi sopo. Tsukani bala kwa mphindi 15, madzi akuyenda, osati kungoviika. Ngati mulibe wotchi, ndi nthawi imene nyimbo zitatu kapena zinayi zimatha pa wailesi. Imaoneka yaitali mwana akamalira, koma kutsukaku kumachotsa tizirombo tambiri tisadalowe mkati. Musapake ubweya, phulusa, tsabola kapena mankhwala azitsamba, ndipo musamange bala mothina. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono ngati chokanda cha minga. Katemera wake si jakisoni mmodzi. Amabaya tsiku loyamba, n'kubwerezanso patapita masiku 3, kenaka tsiku la 7, ndipo nthawi zina amakuuzani kuti mubwerenso. Pitani masiku onse amene alembedwa pa khadi, ngakhale mwana akuthamanga bwinobwino. Katemera ameneyu si wachilendo ayi. Louis Pasteur wa ku France adamuyesa koyamba mu 1885 pa kamnyamata ka zaka 9, Joseph Meister, ndipo kadapulumuka. Tsiku limene Pasteur adamwalira, pa 28 September, ndilo dziko lonse limakumbukira za chiwewe kuyambira mu 2007.

Nanga khola likubweramo bwanji? Apa ndi pamene ndidaphunzira mochedwa. Galu amene waluma munthu amayenera kutsekeredwa ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, akupatsidwa chakudya ndi madzi. Ngati adali ndi chiwewe m'malovu pa tsiku lolumalo, amadwala kapena kufa masikuwo asadathe, ndipo achipatala amafuna kudziwa zimenezi. Koma mum'tsekera pati ngati mulibe khola? Ife Adzatopa tidalibe pom'sunga, n'chifukwa chake adapita kukaluma za eni. Komanso galu wozolowera khola ndi chingwe kuyambira ali kamwana amagwirika. Tsiku la katemera mwana wa sukulu amatha kum'tsogolera yekha mpaka kubwalo. Pitani mukaone pa tsiku lobaya, amene amabwerera osabayitsa ambiri si okana ayi, ndi amene galu wawo wawapulumuka panjira.

Ndamva zimene ena amanena. Amati galu wobayidwa amafooka, salusanso, sagwiranso kalulu, wamkazi saberekanso. Zimenezi n'zabodza. Katemera amangophunzitsa thupi kulimbana ndi kachirombo kamodzi, sakhudza mphuno kapena miyendo. Ena amati galu wa m'khola si mlonda. Pamenepa pali choona pang'ono, ndipo inenso sindikuvomereza zom'manga galu pamtengo usana ndi usiku, padzuwa, popanda madzi. Galu wotero ndiye amasanduka chilombo. Chimene ndikunena n'chakuti masana, pamene ana akupita kusukulu ndi amayi kumjigo, akhale m'khola la mthunzi, ndipo usiku am'masule alondere pakhomo, makamaka ngati pali mpanda. Akakhuta sapita patali. Madeya ophika ndi makombo a nsima si chuma chambiri kwa munthu amene wakwanitsa kugula malata.

Za maulendo nazo tisinthe. Kumsika, kumaliro, kuchigayo, kumpira, galu atsale kunyumba. Kumeneko ndi kumene agalu a midzi khumi amakumana n'kulumana. Ife a m'malire nkhaniyi ikutikhudza mwapadera. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu malire ndi msewu chabe, tsidya lino Mozambique, tsidya ilo Malawi. Galu safunsidwa chiphaso pa Calomue kapena pa Biriwiri, amangodutsa m'munda. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podutsira ndipo chimazilala m'deralo. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu oposa 30,000 m'masabata ochepa mu 2015, kusonyeza kuti n'zotheka. Koma mudzi umodzi ukabayitsa, woyandikana nawo osabayitsa, ntchitoyo imakhala ngati kutunga madzi ndi dengu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho pempho langa silikupita kwa eni agalu okha. Akuluakulu a za ziweto atiuze tsiku la katemera kukadali nthawi, ife tilengeze pa wailesi sabata yonse, mafumu nawo auze anthu awo, ndipo tsikulo lisagundane ndi tsiku la msika. Zikadatheka, mbali ziwiri za malire zizibaya mwezi umodzi. A zaumoyo nawo aganizire zosunga katemera wa anthu m'zipatala za kumidzi zimene zili ndi firiji. Maiko adagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Cholinga chimenechi sichingafikike ngati mayi ayenera kugulitsa mbuzi kuti apeze ya njinga yamoto maulendo atatu. Ife tidali ndi ndalama ya mawindo. Ambiri alibe, ndipo amabwerera kunyumba n'kumangoyembekeza kuti mwina galuyo adali wabwino.

Pano kwathu tili ndi galu wina, amayi adam'tcha Taona. Khola lake ndidamanga ndekha masiku awiri, ndi njerwa zosweka, chidutswa cha lata lakale ndi chitseko cha matabwa otsala. Pansi ndidazira ndi simenti yochepa kuti pazisesedwa, chifukwa fumbi la pogona galu ndilo limasunga utitiri ndi matekenya. Khadi lake la katemera limakhala m'pepala la pulasitiki limodzi ndi makhadi a kusikelo a ana. Amalume khola sadamangebe, akuti njerwa zadula. Koma chaka chatha, tsiku lobaya agalu, adandidzutsa m'mamawa ali ndi chingwe cha ng'ombe m'manja, nati, "Mphwanga, tiye ukandigwirire uja, ine wandikana." Tidam'thamangitsa munda wonse wa nyemba, ndipo tidafika pabwalo alangizi akupakira katundu.