NSOMBA YA M'MIYALA NDI MAUKONDE A LERO

M'chaka cha 1907 katswiri wa ku London, Arthur Smith Woodward, anapatsa dzina lakuti Mawsonia nsomba imene palibe munthu anaionapo ikusambira. Anali nawo mafupa ake okha, osanduka mwala, ofukulidwa ku Bahia m'dziko la Brazil. Pambuyo pake mafupa a nsomba yomweyo anapezekanso ku Morocco ndi ku Niger, pakuti pamene inali ndi moyo, zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, Africa ndi South America anali asanatalikirane monga alili lero. Inali nsomba yaikulu, yopitirira mamita 3 m'litali, ndipo zipsepse zake zinali ndi mnofu ndi mafupa ngati miyendo.

Mawsonia anali wa fuko la nsomba lotchedwa coelacanth, dzina limene limatchulidwa kuti silakanti. Popeza m'miyala ya zaka 66 miliyoni kudza kuno simunapezeke mafupa a fukoli, akatswiri anakhulupirira kuti linathera limodzi ndi zinyama zikuluzikulu zija za dinosaur.

Koma pa 22 December 1938 chombo chophera nsomba chotchedwa Nerine chinakocheza ku East London, ku South Africa, chili ndi nsomba yachilendo yobiriwira ngati thambo, ya mamba olimba. Mayi Marjorie Courtenay-Latimer, amene ankayang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzindawo, anaijambula pa pepala nkutumiza kwa J.L.B. Smith, mphunzitsi wa sukulu ya ukachenjede ya Rhodes. Smith anazindikira kuti mbale wake wa Mawsonia adakalipo, ndipo anaitcha Latimeria chalumnae. Yachiwiri inapezeka mu 1952 pa chilumba cha Anjouan ku Comoros, kumene asodzi ankaidziwa kale ndi dzina lakuti gombessa. Mu 1991 ina inakodwa m'nyanja ya ku Mozambique ili ndi ana 26 m'mimba, ndipo mu 1998 mtundu wina unapezeka ku Indonesia.

Nkhani imene yavuta masiku ano ndi yakuti nsomba yopulumuka zonsezi ikhoza kutha m'nthawi ya anthu amene ali moyo lero. Bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linaika Latimeria chalumnae m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Chodabwitsa nchakuti palibe msodzi amene amadzuka m'mamawa kukafuna silakanti. Mnofu wake ndi wamafuta ambiri, ndipo umatsegula m'mimba. Imakhala m'mapanga a pansi pa nyanja, pa kuya kwa mamita 150 mpaka 250, kumene mbedza za makolo zinkafika mwa apo ndi apo. Zinthu zinasintha pamene malonda a zipsepse za shaki anakula m'maiko a ku Asia. Asodzi a ku Tanzania ndi ku Madagascar anayamba kutchera maukonde a maso akuluakulu otchedwa jarife m'madzi akuya, ndipo kuyambira mu 2003 silakanti zinayamba kukodwa m'mbali mwa nyanja ya Tanzania, makamaka kufupi ndi Tanga. Zikufera mlandu wa shaki.

Kuipa kwa imfa zimenezi kunaoneka bwino mu 2021, pamene akatswiri a ku France anawerenga mizere ya pa mamba a nsombayi monga momwe ena amawerengera zaka za mtengo. Anapeza kuti silakanti ikhoza kukhala zaka pafupifupi 100, kuti imayamba kubereka itayandikira zaka 55, ndi kuti bere lake limatha zaka pafupifupi 5. Nsomba yofulumira kuswana monga usipa ikaphedwa mopyola, ikhoza kuchulukanso m'zaka zochepa ikapatsidwa mpata. Silakanti yaikazi ikafa mu ukonde lero, yoilowa m'malo idzayamba kubereka mwana wa msodziyo atamera imvi.

Boma la Tanzania silinakhale chete. Mu 2009 linakhazikitsa malo otetezedwa a Tanga Coelacanth Marine Park. Koma mu 2016 Uganda ndi Tanzania anagwirizana kuti paipi ya mafuta ya makilomita 1,443 yochokera ku Hoima ikathere pa gombe la Chongoleani, kufupi ndi Tanga yemweyo. Apa pakumana zofuna ziwiri zimene zonse ndi zoona: dziko lifuna ntchito ndi ndalama, pamene nsomba ifuna madzi abata. Msodzinso wa jarife sachita dala. Ali ndi ana a sukulu ndi ngongole ya ukonde. Lamulo limene limuletsa kutchera popanda kumusonyeza kwina kopezera chakudya limathera pa pepala, chifukwa usiku pa nyanja palibe wapolisi.

Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi akuidziwa nkhani yotereyi. Mu 2018 bungwe lomwe lija la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu limodzi ndi silakanti. Komabe pa chilumba cha Mbenje ku Salima, kumene mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi miyezi ingapo ya dzinja chaka ndi chaka, lamulo limagwira ntchito chifukwa eni ake ndiwo analipanga ndipo ndiwo amalilondera. Ku Tanga ndi ku Madagascar njira ndi yomweyo: asodzi akhale nawo pokambirana za malo osayenera kutcherapo jarife, ndipo phindu la malo otetezedwawo lifike m'makomo mwawo.

Mawsonia anatha kusanakhale munthu, ndipo palibe woimbidwa mlandu. Latimeria ikatha, chaka chake chidzadziwika, ukonde wake udzadziwika, ndipo ana a sukulu adzaiphunzira m'mabuku monga aphunzirira mbale wake wa m'miyala. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.