Makina a khansa alipo tsopano, nanga mayi wa ku Nzama akafika bwanji?

Mu Julaye 2025 boma linatsegula chipatala chachikulu cha khansa pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, patatha zaka zambiri tikungomva malonjezo. Tikuyamika. Kale wodwala wofunika radiotherapy ankayenera kupita ku Zambia, Tanzania, Kenya kapena India, ndipo ena ankamwalira dzina lawo lidakali pamndandanda wa odikira ulendo.

Khansa imene ikupulula amayi kuno ndi ya khomo la chiberekero. Chaka chilichonse amayi oposa 4,000 amapezeka nayo, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Ikakula kufika poti opaleshoni singathandize, kuiwotcha ndi makina kuchokera kunja kwa thupi kokha sikukwanira. Pamafunikanso brachytherapy: madokotala amalowetsa kachubu m'chiberekero, makina n'kutumizamo kachitsulo kotulutsa cheza champhamvu, kochepa ngati kambewu ka mpunga. Kachitsuloko kamaima pambali penipeni pa chotupa, kotero kuti chikhodzodzo ndi matumbo sizipsa kwambiri. Njira yakale inkagoneka mayi pabedi masiku awiri kapena atatu osatembenuka. Njira yatsopano, ya high dose rate, imatha m'mphindi zochepa ndipo mayi amabwerako maulendo angapo. Kafukufuku wa EMBRACE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anasonyeza kuti madokotala akamayamba ajambula chotupa ndi MRI asanaike kachitsuloko, mwa amayi 100 aliwonse 92 khansa sinabwererenso pakhomo la chiberekero patatha zaka zisanu.

Koma chithandizo chonsechi chili ndi nthawi yake. Chiyenera kutha pasanapyole masabata asanu ndi atatu, ndipo masiku akamaonjezekera mwayi wochira umatsika. Apa ndi pamene tikuganizira mayi wa ku Nzama m'boma la Ntcheu. Iyeyu amayambira pachipatala chaching'ono, n'kutumizidwa pa boma la Ntcheu, kenako n'kukwera minibasi pamsewu wa M1 ulendo wa makilomita pafupifupi 160. Ku Lilongwe akagona kuti miyezi iwiri? Womudikirira adya chiyani? Munda ndi ana akusiyira ndani? Mayi wotere akabwerera kumudzi sabata yachinayi ndalama zitamuthera, sitingamunene kuti wathawa mankhwala.

Palinso nkhani ya ndalama zakunja, zimene tonse tikudziwa mmene zikuvutira. Kachitsulo ka iridium-192 kamataya theka la mphamvu zake pa masiku 74 okha, choncho kamafunika kuitanitsa katsopano pafupifupi miyezi itatu iliyonse. Ka cobalt-60 kamakhala zaka zisanu. Kaya makina athu agwiritse ntchito kati, oda ikachedwa chifukwa cha madola, ovutika ndi odwala.

Katemera wa HPV (kachilombo koyambitsa khansayi) amene atsikana a zaka 9 anayamba kulandira mu 2019, pamodzi ndi kupima amayi ndi viniga, zidzachepetsa matendawa m'tsogolo. Amene akudwala lero sangadikire zimenezo. Tikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu athu kuti mu bajeti ikudzayi aike padera ndalama ya thiransipoti ya odwala ochokera m'maboma, nyumba yogona pafupi ndi chipatalachi, komanso madola ogulira kachitsulo aka nthawi yake isanakwane.