Kodi nalo zenera lifuna khadi?

Msika wa fodya ukangotsekulidwa pa Chinkhoma, aliyense wokhala pa Kasungu amadziwa popanda womuuza. Owotcherera zitsulo sagonanso, ngolo ndi njinga zimadutsa zitasenza malata, matumba a simenti ndi mafelemu. Mlimi amene wakhala miyezi yambiri akulimbana ndi nazale, feteleza ndi zigafa amafuna kuti thukuta lake lionekere pa nyumba. Ambiri amayambira pa zenera: kuchotsa thabwa lodyedwa ndi chiswe, kapena chikatoni chotseka pabowo, nkuikapo felemu yachitsulo ndi galasi. Nkhani yanga lero ndi ya zenera limeneli, ndipo ndikupemphani, a Malawi anzanga, kuti musaiderere.

Malume anga anathawa m'dziko muno m'masiku a chipani chimodzi, nakakhala ku Lusaka zaka zambiri. Anabwerera pambuyo pa chikhululuko cha 1993, namanga kanyumba kawo ndi ndalama zimene anasunga kuchilendo. Chaka chatha anaganiza zosintha mazenera atatu amene chiswe chinawamaliza. Mabowo ake omwe aja, kukula kwake komwe kuja, kungozula matabwa nkulowetsa zitsulo. Mmisiri atangozula felemu yoyamba, panatulukira bambo wina wa tayi, fayilo ili kukhwapa.

"Ntchito iyi iime kaye, bambo. Chilolezo chili kuti?"

"Chilolezo cha chiyani, achimwene? Ine sindikumanga nyumba."

"Lamulo ndi lamulo, madala. Koma poti ndinu akuluakulu, tikhoza kungokambirana pompano."

Malume anapempha zinthu ziwiri zokha: chiphaso chosonyeza kumene bamboyo amagwira ntchito, ndi tsamba la lamulo limene ankalinenalo. Mkuluyo anati akazitenge, ndipo ulendo unali womwewo. Koma mayi wina wamasiye woyandikana nawo anali atamupatsa kale kangachepe sabata yapitayo, popanda lisiti, poopa kuti angamugwetsere khoma. Madzulo ake malume anandifunsa: "Mphwanga, ine ndinathawa khadi. Kodi nalo zenera lifuna khadi?"

Achinyamata sangamvetse kulemera kwa funso limeneli, koma inu amene munaona masiku amenewo mukulimva. Munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi popanda kuonetsa khadi la chipani kwa ayufi. Lamulo la Forfeiture Act la 1966 linkalola boma kulanda nyumba, sitolo kapena galimoto ya munthu, ndipo ambiri mwa inu amene munali kunja munabwerera nkupeza katundu wanu ali m'manja mwa ena. Mphamvu ya masiku amenewo inagona pa chinthu chimodzi: munthu wamba sankadziwa pamene lamulo lathera ndi pamene nkhanza zayambira, choncho ankangomvera aliyense wolankhula mwaukali. Pa 14 Juni 1993 dziko linasankha njira ina. Kaya inu munaponyera nyali, kaya tambala wakuda, Malamulo oyendetsera dziko amene anabwera mu 1994 ndi athu tonse, ndipo sanalembedwe kuti azigwira ntchito ku Nyumba ya Malamulo kokha. Ayenera kufika mpaka pa khonde la mayi wamasiye uja.

Tsono lamulo likuti chiyani? Kale nkhani za kamangidwe zinali pansi pa Town and Country Planning Act ya 1988, imene inkagwira ntchito makamaka m'madera osankhidwa monga m'matauni. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Physical Planning Act, imene inaika dziko lonse la Malawi pansi pa ndondomeko ya mapulani. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 nalo linapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awo ang'onoang'ono. Mwachidule, womanga ayenera kupempha chilolezo, ndipo nkhaniyi sikhudza okhala pa Kasungu boma okha, ikhudzanso a pa Santhe, Chamama, Nkhamenya ndi Mtunthama. Vuto ndi lakuti malamulo amenewa ali m'Chingerezi chokhwima, m'mabuku amene munthu wamba sanawaonepo. Funsani anthu khumi pa depoti ngati kusintha felemu ndi kumanga kapena kukonza chabe, mudzamva mayankho khumi. Pa mpata umenewo ndi pamene bambo wa fayilo uja amadyera.

Wina angaganize kuti ine ndikudana ndi zilolezo. Iyayi. Demokalase si kuchita zimene wafuna, ndipo khoma silidziwa za ufulu wachibadwidwe. Zenera ndi bowo m'khoma, ndipo njerwa zonse za pamwamba pake, pamodzi ndi kulemera kwa denga, ziyenera kupeza pokhazikika. Ntchito imeneyo ndi ya mtanda wa simenti ndi zitsulo umene amisiri amautcha lintel. Ukakulitsa zenera osatalikitsa mtandawo, kulemera konse kumatsamira pa felemu, ndipo felemu sinapangidwe kuti isenze nyumba. Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zomangidwa ndi matope, zina ndi za zidina. Mvula ikamenya khoma lotere, matope amafewa, ndipo mng'alu umayambira pa ngodya ya zenera nkumakwera. Zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinaononga nyumba zikwizikwi, ndipo cha ku Salima mu Malichi 1989 chinatikumbutsa kuti nacho Chigawo cha Pakati sichili kunja kwa ngozi. Nyumba yofooka pa mazenera ndi zitseko ndiyo imayamba kugonja.

Tonse tawaona anthu amene ndalama za fodya zikafika amagumula theka la khoma la kumsewu kuti chipinda chisanduke okala. Mmisiri wake ndi wotchipa, lintel palibe, ndipo m'chipinda chakuseri mukugona ana. Pamenepo boma liyenera kulowererapo, chifukwa ovulala si mwini nyumba yekha: ndi ana, alendi ndi ogula. Palinso nkhani ya zitsulo zotchinga akuba. Kaamba ka umbava tasandutsa nyumba zathu ndende, zenera lililonse lowotchereredwa zolimba. Magetsi akazima timayatsa kandulo, ena amalowetsa mbaula m'nyumba nthawi yozizira. Moto ukabuka cha kukhomo, banja lonse lilibe potulukira. Utsi wa makala m'chipinda chopanda mpweya umapha mwakachetechete. Inu amene munagwira ntchito ya zomanga ku Joni mukudziwa kuti malamulo a kumeneko amanena poyera kuti zenera lisachepere gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa pansi pa chipinda, ndipo mbali yotseguka isachepere theka la muyeso umenewo. Lamulo lotere ndi lothandiza, chifukwa aliyense angathe kutenga tepi nkudziyezera yekha.

Choncho funso si lakuti pakhale lamulo kapena ayi. Funso ndi lakuti lamulolo likutumikira yani. Mbiri ili ndi phunziro pamenepa. Ku England mu 1696 boma linakhazikitsa msonkho wa mazenera: nyumba ya mazenera ambiri inkalipira zambiri. Anthu ena anangotseka mazenera awo ndi njerwa, ndipo nyumba zina zotero zikuonekabe mpaka lero. Osauka a m'matauni anakhala mumdima, m'zipinda zopanda mpweya, madokotala nkumadandaula za matenda, mpaka msonkhowo unathetsedwa mu 1851. Ukaika mtengo ndi mantha pa zenera, wosauka amasankha mdima. Kuno kwathu zingachitike chimodzimodzi. Munthu akaona kuti kusintha felemu kukufuna pulani, maulendo asanu a ku ofesi ndi ndalama yoposa mtengo wa felemuyo, angosiya chikatoni chija pabowo, kapena agwira ntchito usiku ndi mmisiri wosadziwa kanthu. Zonse ziwiri ndi zoipa kuposa pachiyambi.

Dziko lomwelo la England linapeza njira ina. Kuyambira mu 2002 kusintha mazenera kunalowa pansi pa malamulo a zomanga, koma mwini nyumba sakakamizidwa kupita ku khonsolo ngati walemba ntchito mmisiri wolembetsedwa. Mmisiriyo ndiye amatsimikiza kuti ntchito yatsata muyeso, napereka chikalata. Kuno kwathu lamulo la 1996 linakhazikitsa bungwe loona za zomangamanga la National Construction Industry Council. Tilinso ndi anyamata ndi atsikana ophunzira za umisiri m'masukulu a ntchito zamanja. Chotiletsa nchiyani kuti khonsolo ikhale ndi mndandanda wa amisiri odalirika a m'dera lake, amene siginecha yawo ikwanira pa ntchito zing'onozing'ono?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti tauni ya Kasungu ili ndi anthu oposa 58,000, ndipo nyumba zikumera tsiku ndi tsiku. Palibe khonsolo imene ingakhale ndi oyendera okwanira kuona felemu iliyonse. Nzeru ndi kutumiza oyendera ochepawo kumene kuli ngozi yeniyeni. Motero ndikupempha makhansala athu, a khonsolo ya tauni ndi a khonsolo ya boma la Kasungu, zinthu izi.

Choyamba, lembani poyera, m'Chichewa chomveka, kusiyana kwa kukonza ndi kumanga. Munthu wosintha galasi kapena felemu pa bowo lomwelo asafunsidwe chilolezo, ndipo mawu amenewa apachikidwe pa khomo la ofesi, pa msika ndi pa okushoni, awerengedwenso pa wailesi. Chachiwiri, wokulitsa zenera, woboola latsopano kapena wosandutsa chipinda kukhala sitolo apemphe chilolezo, koma cha fomu imodzi, mtengo wodziwika ndi wochepa, ndi lisiti ya khonsolo. Woyendera abwere kudzaona lintel ndi kupereka malangizo, osati kudzaopseza. Chachitatu, paikidwe masiku oyankhira. Ine ndinganene masiku 14: akadutsa popanda yankho, munthu apitirize ntchito yake. Ofesi ikadziwa kuti kuchedwa kulibe phindu, fayilo siisowanso. Chachinayi, woyendera aliyense aonetse chiphaso asanatsegule pakamwa, ndipo asalandire ndalama pa khomo la munthu. Chachisanu, m'chipinda chogona chilichonse mukhale zenera limodzi la zitsulo zotseguka ndi loko kuchokera mkati, makamaka m'nyumba za lendi ndi m'zipinda zogona ana a sukulu.

Zimene ndikupemphazi si chifundo. Ndime 43 ya Malamulo oyendetsera dziko imapatsa munthu aliyense ufulu woti boma lichite naye zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndiponso woti apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chikukhudza ufulu wake. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linakhazikitsidwa mu 2017 nkuyamba kugwira ntchito mu 2020, kotero kufunsa mitengo ya zilolezo si mwano. Wokanizidwa popanda chifukwa angathe kukadandaula kwa Ombudsman, ndipo wopemphedwa chiphuphu angathe kukanena ku bungwe lothana ndi katangale. Tisaiwalenso kuti kuchokera mu 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, makhonsolo nkumayendetsedwa ndi anthu amene sitinawasankhe. Makhansala anabwerera, ndipo tiyenera kuwagwiritsa ntchito. Khansala amene sangayankhe funso la zenera, za misewu ndi misika adzaziyankha bwanji?

Nafenso eni nyumba tili ndi mbali yathu. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limalanga wolandira ndi wopereka yemwe, choncho tikapereka ya fanta kuti ntchito isaime, tikudyetsa chilombo chimene mawa chidzaluma mnzathu wosauka. Tikafuna kugumula khoma tifunse odziwa, pakuti safunsa anadya phula. Tilipire misonkho ya khonsolo, kenaka tifunse mmene yagwirira ntchito. Ndipo inu amene munakhala ku Lusaka, Dar es Salaam, Harare kapena London, munaona mmene ofesi imayankhira kalata ya nzika. Musamangodandaula pa bawo kuti kunja zinali bwino. Pitani ku misonkhano ya khonsolo, lembani makalata, perekezani mnansi wanu wosadziwa Chingerezi.

Kasungu ndi kwawo kwa Dr Hastings Kamuzu Banda, amene ankakonda kunena kuti anthu ake akhale ndi chakudya, zovala ndi nyumba zosadontha. Ambiri mwa owerenga tsamba lino anasiyana naye pa zinthu zazikulu, ena anazunzika koopsa, koma pa nkhani ya nyumba yabwino palibe amene angatsutse. Chimene tinaonjezera mu 1993 ndi chakuti mwini nyumbayo asamakhale mwamantha. Malume anga mazenera awo anaikidwa, ndipo m'chipinda chawo chogona muli limodzi lotseguka ndi loko, chifukwa ndinawaumiriza. Mayi wamasiye uja ndalama zake sizinabwerere. Msika wa fodya ukadzatsekulidwanso, owotcherera adzayambanso phokoso lawo, ndipo bambo wa fayilo adzayambanso kuyendayenda. Makhansala athu, tikufuna adzapeze chikwangwani chitapachikidwa kale.