Foni Ikayamba Kudwala Walanti Isanathe, Pitani Mukavute

Wogulitsa foni akakufunsani kuti, "Bwanji muwonjezere pang'ono kuti walanti ifike zaka ziwiri?" dziwani kuti masamu ake wawachita kale. Akudziwa kuti mwa anthu amene alipire ndalama yowonjezerayo, ambiri adzataya lisiti, ena adzaiwala tsiku limene walanti ikutha, ndipo otsalawo adzachita manyazi kubwerera kukadandaula. Phindu la walanti yowonjezera lagona pamenepo. Ine sindikukuletsani kugula. Ndikungoti ngati munalipira, musamuonjezere wogulitsayo mphatso ya manyazi anu.

Manyazi amenewa ndimawaona tsiku ndi tsiku pakoleji pano. Munthu ali ndi foni imene imazima yokha batire likadali pa 40, kapena imene chingwe chotchajira umachita kuchigwira mopendeketsa ngati ukumwetsa mwana mankhwala kuti moto ulowe, ndipo akudziwa bwino kuti walanti ikutha mwezi wamawa. Ukamuuza kuti apite nayo, amayankha kuti, "Aa, ikugwirabe ntchito, ndisakavutitse anthu." Anthu ake ati? Omwe aja analandira ndalama zanu akumwetulira? Tinaleredwa kuti mwana wabwino amalandira chinthu ndi manja awiri, sabweza, ndipo sakweza mawu pamaso pa wamkulu. Mwambo umenewu ndi wabwino kwa agogo kumudzi, koma pa kauntala ya sitolo ya mafoni ukutidyera ndalama.

Ndalama zake si zochepa ayi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mafoni onse amene timagwiritsa ntchito amachokera kunja. Ndalama imene munagulira foni yanu singakugulireni ina yofanana nayo lero. Kwa wophunzira, m'foni ndimo muli manotsi, gulu la WhatsApp la kalasi limene limalengeza kuti mayeso asunthidwa, komanso Mpamba kapena Airtel Money imene makolo amatumizirapo ya chakudya. Foni ikafa sabata imodzi walanti itatha, mwataya chaka chonse chimene munalipirira, ndipo mukuyamba kubwereka ya mnzanu usiku kuti muwerenge.

Walanti yoyamba ndi ya kampani yopanga foni. Mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix amabwera ndi ya pafupifupi chaka chimodzi, ndipo makampani ena amapereka ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Yowonjezera, imene mumalipira padera, nthawi zambiri imayambira pamene yoyambayo yathera. Nthawi imeneyi ndiyo foni imayamba kuonetsa ukalamba. Apple imanena yokha kuti batire la iPhone 14 ndi za m'mbuyo mwake linapangidwa kuti lizisungabe 80 peresenti ya mphamvu zake likatchajidwa kodzaza maulendo 500. Werengani nokha: ngati mumamaliza batire kamodzi patsiku, maulendo 500 amakwana chaka ndi miyezi inayi kapena isanu. Ife amene timathamangira soketi magetsi akangoyaka, ndipo foni ndiyo laputopu yathu, wailesi yathu ndi tochi yathu, timafika pamenepo msanga. Tsono funso loyamba pa pepala la walanti yanu likhale lakuti batire lilimo kapena ayi. AppleCare+ imasintha batire likatsika kuchepera 80 peresenti, koma mapepala ena amalemba m'tizilembo ting'onoting'ono kuti batire ndi chinthu chotha chokha, choncho si mlandu wawo. Amakugulitsani ambulera atachotsa nsalu pamalo pamene mvula imagwera kwambiri.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi masewera a kalendala. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi anapita ndi foni yake kusitolo ina m'tauni kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti walanti ithe. Sikirini inkachita mizere ndipo pena inkangoda bii. Anamuuza kuti ndi nkhani ya software, anaifulasha, n'kumubwezera patatha masiku khumi. Itangotha sabata mizere inabwerera. Ulendo wachiwiri anati katswiri wapita kumaliro. Wachitatu anati chipangizo achiitanitsa, chili m'njira. Ulendo wachinayi mtsikana wa pakauntala anayang'ana pakompyuta, anapukusa mutu mwachisoni chooneka ngati chenicheni, n'kunena kuti, "Pepani achimwene, walanti yanu inatha Lachiwiri." Palibe amene anamukaniza chilichonse. Ankangomuuza kuti abwere mawa mpaka mawalo linakhala la iwo. Chimene chinamupulumutsa ndi kapepala kamene anamupatsa tsiku loyamba, kosonyeza tsiku limene analandira foniyo ndi vuto limene iye anafotokoza. Vuto likanenedwa walanti isanathe, ndi la walanti, kaya sitoloyo ichedwe mpaka Khirisimasi. Anayenera kukhala pampando maola awiri akubwereza mawu omwewo kwa bwana wa sitoloyo asanavomere kumupatsa ina.

Chida chawo china ndi madzi. M'mafoni ambiri muli kachizindikiro kakang'ono, kawirikawiri pafupi ndi polowetsa SIM, kamene kamafiira kakakhudzana ndi madzi. Kakangofiira, nkhani yatha: munainyowetsa nokha. Koma kachizindikiroka si woweruza wosalakwa. Mu 2013 Apple inavomera kulipira madola 53 miliyoni ku America kuti ithetse mlandu wa anthu amene anakanizidwa walanti ya iPhone ndi iPod touch chifukwa cha tizizindikiro timeneti, pomwe eni ake ankati chinyezi chokha chimatha kutisintha mtundu. Ganizirani chinyezi cha ku Nkhata Bay mwezi wa Febuluwale, kapena thukuta la m'thumba ku Nsanje mu Okutobala. Musanapereke foni, tulutsani kotengera SIM, muunike mkatimo ndi tochi, mujambule ndi foni ya mnzanu. Akakuuzani za madzi, apempheni akuonetseni pamene madziwo anaononga, ndipo alembe.

Wina anena kuti izi ndi za kunja, kuno kulibe lamulo. Lilipo. Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, tilinso ndi Competition and Fair Trading Commission imene imalandira madandaulo a ogula, ndipo lamulo latsopano la 2024 linaipatsa mphamvu yolipiritsa okha chindapusa ochita malonda mwachinyengo. Kachikwangwani kaja kamene kamapachikidwa m'masitolo kakuti katundu akagulidwa sabwezedwa sikamachotsa udindo wa wogulitsa pa katundu woonongeka. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amatigulira mafoni, lamulo la 2008 limapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi, ndipo katundu akapezeka ndi vuto wogula ndiye amasankha: kukonza, kusintha kapena kubwezeredwa ndalama. Ku Italy mu 2011 Apple inalipitsidwa mayuro 900,000 chifukwa chosawauza bwino ogula kuti lamulo limawapatsa kale zaka ziwiri, kwinaku ikuwagulitsa AppleCare. Ngati kampani yaikulu chotero inapezeka ikugulitsa anthu chinthu chimene mbali ina anali nacho kale, kasitolo ka pakona pathu mukuganiza kuti kamachita manyazi?

Ndiye ngati foni yanu ili ndi kachilema ndipo walanti ikadalipo, pitani sabata ino. Imbani *#06# kuti muone nambala ya IMEI, muifananitse ndi imene ili pa lisiti ndi pa katoni. Zikasiyana, ndewu yanu yayamba kale ndipo ndi bwino muidziwe lero. Jambulani vidiyo pamene vutolo likuchitika, chifukwa foni ili ngati mwana wodwala amene amayamba kusewera akangofika kuchipatala. Sungani zithunzi ndi manotsi anu kwina, chotsani SIM ndi memory card. Musaipereke kaye kwa wokonza wa pamsika ngakhale ali waluso chotani, pakuti ikangotsegulidwa ndi munthu wosavomerezeka mwawapatsa chifukwa chokanira. Ndipo musatuluke m'sitolomo opanda pepala lokhala ndi tsiku, IMEI, vuto monga mwalifotokozera inuyo, ndi siginecha ya amene walandira. Akakupatsani foni ina, funsani ngati ndi yatsopano kapena yokonzedwanso, komanso kuti walanti yake ifika liti. Apple, mwachitsanzo, imapereka masiku 90 kapena nthawi imene inatsala pa walanti yakale, potengera imene ili yaitali.

Pali anzathu ena amene amati njira yachidule ndi kuimaliza wekha foniyo walanti ikatsala pang'ono kutha, kuti upeze yatsopano. Kumeneko ndi kuba, ndipo n'kupusanso, chifukwa walanti wamba siikhudza kugwa kapena kunyowa pokhapokha munalipira inshulansi ya ngozi. Choipa kwambiri n'chakuti munthu mmodzi wotere amapatsa masitolo nkhani yoti azikambira aliyense wobwera ndi vuto lenileni, ndipo amene amavutika ndi mtsikana uja wosayankhula kwambiri amene sikirini yake yafa yokha.

Chimene ndikufuna kuti mabungwe a ophunzira ndi a ogula ayambe kuchikuwira n'chapafupi: tsiku lililonse limene foni yagona kusitolo ikudikira kukonzedwa liziwonjezedwa pa walanti, ndipo vuto lomwelo likabwerera itakonzedwa kale, wogula azipatsidwa ina popanda kukambirana. Ku European Union anagwirizana mu 2024 kuti wogula akasankha kukonzetsa katundu m'malo mosintha, chitetezo chake cha lamulo chiziwonjezedwa ndi miyezi 12. Ife tikungopempha masiku athu omwe, amene foni inakhala m'kabati yawo ife tikuwerenga manotsi pa foni yobwereka.