Zolemba za ofufuza mapanga: bungwe libwereke, lisalande

M'maiko ambiri muli mabungwe a anthu amene amathera masiku ao opuma pansi pa nthaka. Anthu amenewa amakwawa m'mapanga, amayesa utali ndi kuya kwa njira za m'menemo, amajambula zithunzi, ndipo akatuluka amalemba zimene aona. Ku America kuli National Speleological Society, imene inayamba mu 1941 ndipo likulu lake liri ku Huntsville m'cigawo ca Alabama. Ku Britain kuli British Cave Research Association, imene inakhazikitsidwa mu 1973. Bungwe loyambalo limasindikiza NSS News ndi Journal of Cave and Karst Studies, pamene laciwirilo limasindikiza Cave and Karst Science. Nkhani, mapu ndi zithunzi za m'magazini a mtundu umenewu kawirikawiri zimacokera kwa anthu odzipereka, amene sayembekezera malipiro ali onse.

Tsono funso limene limavutitsa bungwe liri lonse lotere ndi ili: munthu akatumiza mapu ake kwa mkonzi wa magazini, kodi mapuwo asanduka a yani? Njira ziripo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti wolemba asaine cikalata copereka umwini wonse wa nchito yake, umene Angerezi amaucha copyright, m'manja mwa bungwe. Yaciwiri ndi yakuti iye akhalebe mwini wake, koma apatse bungwe cilolezo, kapena kuti laisensi, yosindikiza nchitoyo. Kusiyana kwake kuli monga kwa munthu wogulitsa ng'ombe ndi munthu wobwereketsa ng'ombe kuti ikalime munda wa mnzake. Bungwe la anthu odzipereka liyenera kutsata njira yaciwiri. Libwereke, lisalande, koma pangano la kubwerekako lilembedwe momveka ndipo likhale lacikhalire.

Lamulo pa lokha limayamba ndi kuima kumbali ya wolemba. Pangano la Berne la mu 1886, limene Zambia inalowamo mu 1992, limati nchito yolembedwa kapena yojambulidwa iri ndi citetezo popanda kukailembetsa ku ofesi iri yonse, ndipo mapu achulidwa pakati pa nchito zotetezedwazo. Citetezoco cimakhala moyo wonse wa wolemba ndi zaka zosacepera 50 iye atamwalira. Britain ndi America anaonjezera zakazo kufika pa 70. M'maiko awiriwa umwini sungasamuke ndi mau apakamwa cabe; pafunika cikalata cosainidwa ndi mwini wake. Ici citanthauza kuti kapepala kamene mkonzi amatumiza kwa wolemba si mwambo wamba. Siginecha imodzi ikhoza kumanga ana ndi adzukulu a wolembayo kufikira zaka 70 iye ali m'manda. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa nkhaniyi, ayenera kudziwa m'mene mapu a phanga amapangidwira. Kagulu ka anthu atatu kapena anai kamalowa pansi. Wina amatambasula cingwe coyesera, wina amawerenga kampasi ndi cida coyesera kutsetsereka kwa njira, ndipo wina amalemba manambala ndi kujambula maonekedwe a makoma m'kabuku, nthawi zina atagona m'matope kapena ali m'madzi ofika m'cifuwa. Masiku ano ambiri amayesa ndi zida za laser ndi kulowetsa manambala m'mapulogramu a kompyuta monga Survex ndi Therion, koma kukwawa ndi kuzizidwa sizinasinthe. Phanga la Mammoth ku Kentucky, limene ndi lalitali koposa onse odziwika pa dziko lapansi, layesedwa mwa njira imeneyi mtunda wopitirira makilomita 680. Nchito yotere ndi thukuta la mibadwo ingapo, ndipo si cilungamo kuti thukutalo lisamukire kwa bungwe cifukwa cabe cakuti bungwe ndilo liri ndi makina osindikizira.

Phanga lomwelo liri ndi mbiri yosonyeza kuti dzina ndi umwini ndi zinthu ziwiri zosiyana. Stephen Bishop anali kapolo amene anali kutsogolera alendo m'phangamo, ndipo anatulukira njira zambiri zimene sizinali kudziwika. Mu 1842 iye anajambula mapu a phangalo kucokera m'mutu mwake. Mapuwo anasindikizidwa mu 1845 m'buku lonena za ulendo wa m'phangamo, ndipo dzina la Bishop linalembedwapo. Komabe iye mwini anali cuma ca Dr John Croghan, mwini phangalo, ndipo lamulo la nthawiyo linali kuona nchito ya kapolo monga ya mbuye wake. Bishop anamasulidwa mu 1856 ndi kumwalira caka cotsatira. Patapita zaka, mu 1908, katswiri wa ku Germany, Max Kämper, anayesa phangalo mosamala kwambiri, koma eni phanga anasunga mapu akewo mwacinsinsi. Wina anapatsidwa dzina popanda mphamvu pa nchito yake, ndipo wina nchito yake inatsekeredwa. Zonse ziwirizi zimacitika pamene wojambula alibe mau pa zimene wajambula.

Ngakhale dzina lenilenilo liribe citsimikizo monga ambiri amaganizira. Pangano la Berne limazindikira ufulu wa wolemba wakuti achulidwe pa nchito yake. Koma lamulo la ku Britain la mu 1988 limati wolemba ayenera kuyamba wanena yekha kuti afuna ufulu umenewu, ndiponso limati ufuluwo sugwira nchito pa zinthu zolembedwera nyuzipepala, magazini kapena zofalitsa zina za mtundu umenewo. Cotero membala wa ku Britain amene walembera magazini ya bungwe lake sangadalire khoti kuti lichinjirize dzina lake. Cimene cingamuchinjirize ndi mau olembedwa m'pangano lake ndi bungwelo. Bungwe la ulemu liyenera kulonjeza lokha kuti dzina la wolemba, la wojambula zithunzi ndi la onse oyesa phanga lidzatsagana ndi nchitoyo kuli konse kumene idzapita.

A mbali ya mabungwe ali ndi mfundo zao, ndipo si zopanda nzeru. Iwo amati mamembala amasamuka, ena amamwalira, ndipo pakapita zaka 40 mkonzi amene afuna kusindikizanso magazini akale kapena kuwaika pa intaneti sangathe kupeza wolemba ali yense kuti amupemphe. Mlandu wina wa ku America umacitira umboni mantha amenewa. Mu 2001 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mlandu wa pakati pa nyuzipepala ya New York Times ndi olemba odziimira paokha otsogozedwa ndi Jonathan Tasini. Oweruza 7 mwa 9 anati nyuzipepala inalibe mphamvu yoika nkhani za olembawo m'nkhokwe za pa kompyuta popanda cilolezo cao, cifukwa kuvomera kuti nkhani ituluke m'nyuzipepala si kuvomera kuti igulitsidwe pa yokha m'njira ina. Pambuyo pake nyuzipepalayo inalengeza kuti icotsa nkhani zambirimbiri m'nkhokwezo, ndipo otaya anali owerenga.

Koma phunziro la mlanduwu silakuti ofalitsa alande zonse. Vuto linali lakuti mapangano akale sananene kanthu za njira zatsopano zofalitsira. Mankhwala a kusalankhula ndiwo kulankhula. Laisensi ikalembedwa kuti bungwe likhoza kusindikiza, kusindikizanso, kusunga ndi kufalitsa nchitoyo pa pepala, pa intaneti ndi m'njira zimene zidzatulukiridwe m'tsogolo, kwa nthawi yonse, mkonzi wa m'tsogolo sadzasowa kufunafuna adzukulu a munthu. Bungwe lapeza zonse zimene lifunikira, ndipo wolemba watsala ndi ufulu woika cithunzi cake m'buku lake, kugulitsa kwa wofalitsa wina, kapena kupatsa asayansi mapu ake popanda kugwada pamaso pa komiti. Palinso ngozi ina imene ofuna kulanda amaiwala: mabungwe nawonso amafa kapena kuphatikizana. British Cave Research Association yomwe inabadwa mwa kuphatikizana kwa mabungwe awiri akale. Kabungwe kakang'ono kakatha popanda wolowa m'malo wodziwika, umwini wonse umene kanasonkhanitsa umasowa woufunsa.

Mapu a phanga ali ndi vuto linanso, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mapu amodzi akhoza kukhala nchito ya anthu makumi angapo. Malamulo a maiko amasiyana pa nchito ya eni ambiri. Ku America mmodzi wa eni akewo akhoza kupereka cilolezo wamba pa yekha, malinga agawane phindu ndi anzake, pamene ku Britain eni onse ayenera kuvomera. Cifukwa ca ici, nthawi yabwino yopanganirana ndi pamene kagulu kasanalowe m'phanga, onse akali abwenzi, osati pamene mapu achuka ndipo wofalitsa mabuku wabwera ndi ndalama.

Cifukwa cacikulu cimene laisensi iyenera kukhala yotakasuka ndi moyo wa anthu. Pa 23 June 2018 anyamata 12 a timu ya mpira ndi mphunzitsi wao anatsekeredwa ndi madzi m'phanga la Tham Luang ku Thailand. Opulumutsa anadalira mapu amene ofufuza a ku France anayamba kujambula mu 1986, ndi amene anapitirizidwa ndi ofufuza a ku Britain, pakati pao Vern Unsworth. Pa 2 July osambira pansi pa madzi John Volanthen ndi Rick Stanton anapeza anyamatawo ali amoyo, ndipo pofika pa 10 July onse anali atatulutsidwa. Anthu amene anayesa phangalo zaka zoposa 30 m'mbuyomo sanadziwe kuti manambala ao adzatsogolera opulumutsa ana. Pangano liri lonse la bungwe liyenera kunena poyera kuti magulu opulumutsa anthu akhoza kukopera mapu ali onse popanda kupempha munthu, usana kapena usiku.

Mabungwe ena angafune kupita patsogolo ndi kugwiritsa nchito malaisensi a Creative Commons, amene anatuluka koyamba mu 2002. Phindu lao linaoneka ku South Africa. Mu 2013 ofufuza mapanga awiri, Rick Hunter ndi Steven Tucker, anadutsa pa mpata wopapatiza wa masentimita 18 m'phanga la Rising Star pafupi ndi Johannesburg ndi kupeza mafupa akale. Gulu lotsogozedwa ndi Lee Berger linafukula zidutswa zoposa 1,500, ndipo mu 2015 linalengeza mtundu wa Homo naledi m'magazini ya eLife, imene munthu ali yense akhoza kuwerenga ndi kukopera kwaulere malinga achule olemba. Mphunzitsi wa ku sukulu yopanda ndalama zogulira magazini a sayansi anatha kuona umboni womwewo umene akatswiri anaona. Komabe wolemba ayenera kuuzidwa zoona asanasaine: laisensi ya Creative Commons siingabwezedwe. Madzi akatayika saoleka. Wojambula zithunzi amene amadyera pa kamera yake akhoza kukana njira imeneyi, ndipo bungwe lisamukanire malo m'magazini cifukwa ca kukanako.

Mfundo yomaliza ya ofuna kulanda ndi yakuti bungwe likakhala mwini, likhoza kubisa makomo a mapanga kwa anthu oononga. Nkhawayi ndi yoona. Phanga la Lascaux ku France, limene linapezeka mu 1940, linatsekedwa mu 1963 cifukwa mpweya ndi cinyezi ca alendo zinayamba kuononga zithunzi zakale za pa makoma. Koma copyright si loko. Lamuloli limateteza m'mene munthu walembera kapena kujambulira cinthu, osati mfundo zeni zeni. Khoti lalikulu la ku America linatsimikiza zimenezi mu 1991 pa mlandu wa Feist, wokhudza buku la manambala a telefoni. Manambala osonyeza pamene pali khomo la phanga akangosindikizidwa, munthu ali yense akhoza kuwabwereza, kaya mwini nkhani ndi bungwe kapena wolemba. Ndiye cifukwa cake America inapanga lamulo lina pa lokha mu 1988, lolola boma kubisa malo a mapanga ofunika a pa nthaka ya boma. Cinsinsi cimasungidwa pa desiki ya mkonzi, pamene iye ndi wolemba agwirizana zimene sizidzasindikizidwa.

Pangano labwino, tsono, likhoza kukwana pa tsamba limodzi. Linene kuti wolemba akhalabe mwini. Kuti bungwe liri ndi cilolezo cacikhalire cofalitsa m'njira zonse, koma losaletsa wolemba kufalitsa kwina. Kuti maina a onse ogwira nchito adzalembedwa. Kuti opulumutsa anthu ndi omasuka kukopera. Kuti wofalitsa wakunja wofuna kupanga ndalama adzatumizidwa kwa wolemba. Ndi kuti malo a mapanga osalimba adzasungidwa mwacinsinsi. Mabungwe amenewa alibe cuma cina koma kukhulupirika kwa mamembala ao. Munthu amene wakhala maola 12 m'matope kuti anzake adziwe njira akauzidwa kuti mapu ake salinso ake, caka camawa adzawasunga m'bokosi kunyumba kwake, ndipo magazini idzatuluka ndi masamba ocepa.